Masamu a Zobisika Ziwiri ndi Mbiri ya Kuwerengera m'Minda ya Tiyi kwa Khwethemule

Masamu ofufuza manambala awiri osadziwika pa nthawi imodzi, omwe ana a Fomu 2 amawadziwa ndi dzina loti simultaneous equations, ndi njira yopezera zinthu ziwiri zobisika kuchokera pa mfundo ziwiri zodziwika. Mfundo imodzi payokha sikwanira. Munthu akangouzidwa kuti paketi ya shuga ndi botolo la mafuta ophikira zagulidwa pa K9,000, sangatchule mtengo wa shuga, chifukwa mitengo yambirimbiri ingathe kukwana pa ndalama imeneyo. Akauzidwanso kuti mafutawo akuposa shuga ndi K2,000, yankho limatsala limodzi lokha: shuga K3,500, mafuta K5,500. M'dera la mfumu yaikulu Khwethemule, monganso m'madera ena a boma la Thyolo, mawerengero a mtundu umenewu akhala akuyendetsa moyo wa anthu kwa zaka zoposa 100, pa msonkho, pa tikiti ya ntchito ndi pa sikelo ya masamba a tiyi. Chomwe chinachedwa kufika kwa mwini thukuta ndi njira yowathetsera.

Njirayi inabadwira m'minda ndi m'nkhokwe, sukulu zinangoilandira. Ku Babulo, m'dziko lomwe lero ndi Iraq, alembi a zaka pafupifupi 1,800 Yesu asanabadwe ankadinda masamu awo pa mapale a dongo. Phale lina losungidwa ku Berlin likunena za minda iwiri yomwe kukula kwake pamodzi ndi miyeso 1,800. Munda woyamba umabereka magawo awiri mwa atatu a muyeso wa mbewu pa muyeso uliwonse wa nthaka, wachiwiri umabereka theka, ndipo zokolola za woyamba zikuposa za wachiwiri ndi miyeso 500. Funso ndi kukula kwa munda uliwonse, ndipo yankho lake ndi 1,200 ndi 600. Mlembi wa ku Babulo analibe zilembo za x ndi y. Ankayamba ndi kuyerekeza kuti mindayo ndi yofanana, 900 uliwonse, n'kuona kuti waphonya ndi zingati, kenako n'kusuntha malire mpaka chiwerengero chitakhala m'malo mwake.

Amene anaikonza njirayi kuti ikhale ndi dongosolo lathunthu ndi a ku China. Buku lawo la masamu lokhala ndi mitu 9, Jiuzhang Suanshu, linasonkhanitsidwa m'nthawi ya ufumu wa Han, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo katswiri wina, Liu Hui, analilembera ndemanga m'chaka cha 263. Mutu wake wa 8 ndi wa masamu omwewa. Funso loyamba la mutuwo ndi la mitolo ya mbewu ya mitundu itatu, yabwino, yapakati ndi yotsika, yomwe ikasakanizidwa m'njira zitatu zosiyana imapereka miyeso 39, 34 ndi 26. Wowerengera amayenera kupeza zomwe mtolo umodzi wa mtundu uliwonse umatulutsa. Ankayala timitengo towerengera pa bolodi, mfundo iliyonse mu mzere wake wotsika pansi. Mzere umodzi ankauchulukitsa, n'kumachotsapo mzere unzake mobwerezabwereza mpaka malo a mbewu imodzi atakhala opanda kanthu. Akatero kawiri, mu mzere womaliza munkatsala chobisika chimodzi chokha, ndipo chimenecho chinkatsegula zinzake. Pochotsera, nthawi zina chochotsedwa chinkakula kuposa chomwe chinalipo. Apa m'pamene anayamba kugwiritsa ntchito timitengo tofiira ndi takuda posiyanitsa chomwe munthu ali nacho ndi chomwe akuperewera, ku Ulaya kusanavomerezedwe kuti nambala ingatsike pansi pa ziro.

Zomwe zinatsatira zinali kuwonjezera zida. Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba buku lake ku Baghdad cha m'ma 820, lomwe linaika malamulo osamutsira ndi kufananitsa mbali ziwiri za samu. René Descartes mu 1637 anazoloweretsa anthu kulemba zobisika ndi zilembo zomaliza za alifabeti, x, y ndi z, ndipo anathandiza kulumikiza masamu a zilembo ndi zojambula, kotero kuti mfundo iliyonse ingaoneke ngati mzere pa pepala. Seki Takakazu ku Japan mu 1683 ndi Gabriel Cramer ku Geneva mu 1750 anapeza njira zina zachidule. Carl Friedrich Gauss, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anagwiritsa ntchito njira yochotsa chobisika chimodzichimodzi powerengera mayendedwe a zinthu za mlengalenga, ndipo mpaka lero mabuku ambiri amaitchula ndi dzina lake, ngakhale a ku China anali ataiyala pa bolodi zaka zoposa 1,500 iye asanabadwe.

Ku Thyolo, komwe atsamunda ankalemba kuti Cholo, manambala olembedwa anabwera ndi minda ya azungu ndi boma lawo. Izi sizikutanthauza kuti Amang'anja omwe anali m'derali, kapena Alhomwe omwe anayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, sankawerengera. Ankadziwa madengu a chimanga okwanira banja kufika masika ena, ankasinthanitsa mchere, makasu ndi nsalu, ndipo ankagawa ziweto pa milandu. Koma mawerengero amenewo ankachitika poyera, aliyense akuona ndi maso ake. Mawerengero atsopano anali m'buku, ndipo bukulo linali pa ofesi.

Tiyi anayesedwa koyamba pa mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo munda woyamba wamalonda unabzalidwa ndi Henry Brown ku Mulanje mu 1891. Ku Thyolo tiyi anayamba mu 1908 pa esiteti ya Bandanga, koma kwa zaka zambiri azungu a m'bomali ankadalira fodya, khofi atawakanika. Satemwa inayamba mu 1923 ndi Maclean Kay. Msika wa fodya wa azungu utagwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndiponso mgwirizano wa maiko olima tiyi wa mu 1933 utakweza mitengo, mapiri a Thyolo anadzaza ndi tiyi, ndipo maina ngati Conforzi, Naming'omba, Nchima ndi Makwasa anakhazikika m'kamwa mwa anthu.

Samu yoyamba yomwe banja lililonse linakumana nayo inali ya msonkho wa nyumba. M'zaka za m'ma 1890 unali masheleni 3 pa chaka. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linaukweza kufika masheleni 6, koma munthu wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka lokha. Mu 1912 mitengoyo inakhala masheleni 8 ndi 4, ndipo kuchotsera kumeneku kunathetsedwa mu 1921. Cholinga chake chinali chosabisika: kukankhira anthu ku maesiteti. Dongosolo la mitengo iwiri limabala masamu a zobisika ziwiri mwachibadwa. Mwachitsanzo, mudzi wa nyumba 40 utapereka masheleni 150 pa mitengo ya 3 ndi 6, nyumba zonse zikanalipira masheleni 3 pakanapezeka 120. Masheleni 30 otsalawo achokera kwa olipira msonkho wathunthu, aliyense kuwonjezera 3, choncho iwo ndi 10, ndipo opita kwa mzungu ndi 30. Wokhometsa msonkho ankatha kudziwa kuchuluka kwa anthu omwe agwira ntchito pongoona ndalama ndi chiwerengero cha nyumba. Nyakwawa yosadziwa kulemba inkangolandira zomwe yauzidwa.

Pamwamba pa msonkho panali thangata. Anthu okhala pa malo omwe azungu anatenga, ambiri mwa iwo Alhomwe omwe analibe kwina kolowera, ankalipira lendi ya malo ndi ntchito, kawirikawiri m'nyengo ya dzinja, nthawi yomwe minda yawo ya chimanga inkawafunanso. Ntchito inkayezedwa ndi tikiti. Tsiku linkachongedwa pa tikiti pokhapokha munthu akamaliza mgwazo womwe kapitawo wamupatsa, ndipo malipiro ankabwera tikiti ikadzaza. Mgwazo ukakula, mwezi wa pa tikiti unkatalika kuposa mwezi wa kumwamba. Madandaulo a mtundu umenewu anamveka kwambiri pa kafukufuku wa boma pambuyo pa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, ku maesiteti a Magomero. Lamulo la mu 1928 linayesa kuika malire pa lendi ndi masiku a ntchito, koma nkhani ya malo ndi thangata inapitirira kufuka mpaka inaphulika m'zipolowe za ku Thyolo mu Ogasiti 1953. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Pa nthawi yonseyi munthu wofunika kwambiri pakati pa mzungu ndi wotchola tiyi anali kalaliki. Iye ndiye ankaima pa sikelo yokolowekera, dengu la masamba likulendewera, n'kuwerenga pomwe singano yaima, kuchotsera kulemera kwa dengu ndi kwa madzi a mvula, kenako n'kulemba m'buku. Masamu ake sanali apafupi. Sheleni inali makobiri 12, paundi ya ndalama masheleni 20, ndipo masamba ankayezedwa m'mapaundi a kulemera. Kuchulukitsa mapaundi a masamba ndi tizigawo ta kobiri, anthu mazanamazana ataima pa mzere, inali ntchito yofuna mutu wozizira. Makalaliki ambiri anali anthu okhulupirika, koma dongosolo lokhalo linali lopendekera mbali imodzi, chifukwa wotchola analibe njira yotsimikizira zomwe zalembedwa pa dzina lake.

Makalalikiwa ankachokera ku sukulu za mishoni. M'boma la Thyolo, mishoni ya Malamulo ya mpingo wa Seventh-day Adventist ku Makwasa, yomwe inayamba mu 1902, inatsegula sukulu m'midzi yambiri, ndipo mipingo ina inachitanso chimodzimodzi. M'sukulu za m'midzi ana ankaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu a kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Boma la atsamunda linakhazikitsa nthambi ya maphunziro mu 1926, koma maganizo omwe ankalamulira nthawi imeneyo anali oti mwana wakuda amukwanira maphunziro a ntchito za manja ndi ulimi. Masamu a zilembo ndi a ku sekondale, ndipo sekondale kunalibe. Yoyamba m'dziko lonse, Blantyre Secondary School, inayamba kuphunzitsa mu 1941. Zomba Catholic inatsatira mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Pa ana zikwizikwi obadwira m'midzi ndi m'nyumba za antchito a pa esiteti, opeza malo m'sukulu zitatu zimenezi anali owerengeka pa zala. Kuonjezera apo, ana ambiri ankalembedwa ntchito m'minda ya tiyi akadali aang'ono, sukulu n'kutsalira m'mbuyo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, masekondale anayamba kumangidwa m'maboma, ndipo sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, Malawi Correspondence College, inatsegulidwa mu 1965. Mu 1971 kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi ndi sheleni, paundi imodzi kusanduka makwacha awiri, ndipo masamu a ndalama anapepuka chifukwa zonse zinayamba kuyenda m'makumi. Kusintha kwakukulu kunadza mu 1994 ndi maphunziro aulere a pulayimale, pomwe ana oposa miliyoni imodzi anawonjezekera m'sukulu m'chaka chimodzi. Mu 1998 malo ophunzirira a sukulu ya m'makalata ija anasandutsidwa masekondale oyendera a m'madera, ma CDSS. Kwa mwana wa kwa Khwethemule, apa m'pamene x ndi y zinafika pa mtunda woyenda ndi miyendo. Zinafika movutikira, pakuti sukulu zambiri za mtunduwu zinayamba ndi aphunzitsi ophunzitsidwa za pulayimale ndi mabuku ochepa, ndipo n'chifukwa chake boma ndi bungwe la ku Japan la JICA anayambitsa mu 2004 ntchito ya SMASSE yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi.

Zomwe mwanayo amaphunzira m'kalasi zingaonekere bwino pa malipiro a wotchola tiyi. Malipirowa amakhala ndi mbali ziwiri: ndalama ya tsiku, yomwe munthu amalandira akakwanitsa makilogalamu oikidwa, ndi ndalama ya pa kilogalamu iliyonse yopitirira pamenepo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera. Mayi wina, pa malipiro oyamba, wagwira masiku 12, wapitiriza ndi makilogalamu 100, ndipo asanamudule kalikonse walandira K42,000. Pa malipiro achiwiri wagwira masiku 10, wapitiriza ndi makilogalamu 150, walandira K39,000. Ndalama ya tsiku ikatchedwa x, ya pa kilogalamu y, mfundo ziwirizo zimalembedwa motere:

12x + 100y = 42,000
10x + 150y = 39,000

Mzere uliwonse uli ngati sikelo ya mbale ziwiri ya pa msika: chochitidwa mbali imodzi chiyenera kuchitidwa mbali inayo, apo ayi sikelo ipendekeka. Kuti y achoke, mzere woyamba umachulukitsidwa katatu ndi wachiwiri kawiri, kuti yonse ikhale ndi 300y. Woyamba umasanduka 36x + 300y = 126,000, wachiwiri 20x + 300y = 78,000. Kuchotsa wachiwiri kwa woyamba kumasiya 16x = 48,000, choncho x ndi K3,000. Nambalayi ikabwezedwa mu mzere woyamba, masiku 12 amadya K36,000, kutsala K6,000 ya makilogalamu 100, ndiye kuti y ndi K60. Gawo lomaliza, lomwe ana ambiri amalilumpha chifukwa cha changu, ndi kuyesa mayankho onse awiri mu mzere wachiwiri: K30,000 ndi K9,000 zikupereka K39,000. Iyi ndi njira yomwe ija ya timitengo ta ku China, kusiyana kwake n'kwakuti lero mizere imalembedwa mopingasa.

Njira yachiwiri ndi yolowetsa m'malo: kuchokera mu mzere umodzi, chobisika chimodzi chimafotokozedwa mwa chinzake, n'kuikidwa mu mzere winawo. Imathandiza kwambiri pomwe mfundo imodzi ndi yophweka, monga posakaniza tiyi wa mitengo iwiri. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amagulitsidwa m'madola a ku America, wina pa okishoni ya ku Limbe, ndipo wambiri amakathera m'zosakaniza za makampani a ku Britain ndi South Africa. Wosakaniza wofuna makilogalamu 1,000 a mtengo wa $1.40 pa kilogalamu, kuchokera ku tiyi wa $1.20 ndi wa $1.70, amati wotsika mtengo ndi 1,000 kuchotsa y, n'kupeza kuti wokwera mtengo afunika makilogalamu 400, wotsika 600. Njira yachitatu ndi yojambula mizere iwiri pa pepala la timabokosi. Pomwe yadutsana ndi pomwe pali yankho. Ndi yochedwa, ndipo imadalira pensulo yosongoka, koma ndiyo imaonetsa bwino chifukwa chomwe yankho limakhalira limodzi.

Njira yojambulayi imaonetsanso nthawi zomwe yankho silipezeka, ndipo gawo ili ndi lofunika kuposa mmene mabuku ambiri amalionera. Mayi uja akanagwira masiku 6 pa malipiro achiwiri, kupitiriza ndi makilogalamu 50, n'kulandira K21,000, mfundo yachiwiri ikanakhala theka chabe la yoyamba. Siikunena chatsopano, mizere iwiriyo yasanduka mzere umodzi, ndipo x ndi y sizingapezeke mpaka patabwera malipiro ena. Koma akanalandira K19,000 pa masiku 6 omwewo ndi makilogalamu 50 omwewo, mizere ikanayenda moyandikana osakumana. Masamu akatero amakhala akunena kuti mfundo ziwirizo sizingakhale zoona zonse pamodzi: mwina mitengo yasintha, mwina pali chodulidwa chomwe sichinatchulidwe, mwina cholembera chinaterereka. Mwana wa Fomu 2 wodziwa zimenezi angathe kuthandiza kholo lake kupita pa ofesi ndi funso lolunjika m'malo mwa dandaulo chabe.

Masiku ano zambiri zasintha pa sikelo. Maesiteti ena amayeza masamba ndi masikelo a magetsi, ndipo malipiro amawerengeredwa pa kompyuta, yomwe mkati mwake imathetsa masamu a mtundu womwewu mwaliwiro, ngakhale zobisika zitakhala mazana. Mu 2015 makampani a tiyi, ogula akunja ndi mabungwe anasainirana mgwirizano wa Malawi Tea 2020 wofuna kukweza malipiro, ndipo mu 2016 bungwe la eni maesiteti, Tea Association of Malawi, linasainirana pangano loyamba la malipiro ndi bungwe la antchito la PAWU. Zokambirana zoterezi ndi za manambala: ndalama ya tsiku ikwere bwanji, makilogalamu oikidwa akhale angati, yopitirira ilipidwe pa mtengo wanji. Kukweza imodzi n'kutsitsa inzake kungamusiye wantchito pomwe anali. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, omwe anayamba kukonzedwa m'bungwe lawo mu 1967, ali ndi samu yawonso: mtengo wa masamba aawisi, bonasi, ngongole ya feteleza, ndi mfundo yoti pamafunika makilogalamu pafupifupi 4.5 a masamba aawisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma.

Vuto lomwe latsala m'kalasi si la kuchotsera kapena kuchulukitsa. Ana ambiri amatha kuthetsa mizere iwiri ikalembedwa kale pa bolodi, koma amaima akapatsidwa nkhani ya m'mawu kuti aisandutse mizere. Nkhaniyo imabwera m'Chingerezi, pomwe mwana amaganiza m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, ndipo kawirikawiri imakamba za zinthu zomwe sanazionepo. Mphunzitsi woyamba ndi kufotokoza funsolo m'chiyankhulo cha anawo, n'kuwasiya atchule okha zomwe zabisika asanazipatse zilembo, sakuphwanya silabasi. Akutsata njira yomwe masamuwa anadzera, kuyambira pa mbewu ndi miyeso kenako pa zizindikiro. Mutuwu umabwera pa mayeso a JCE a bungwe la MANEB, omwe boma linawaimitsa kwa zaka zingapo n'kuwabwezeretsa mu 2021, ndipo umabweranso m'masamu a Fomu 3 ndi 4. Aphunzitsi a m'masekondale a kwa Khwethemule ali ndi zitsanzo zokwanira chaka chonse m'mapepala a malipiro ndi m'malisiti a masamba omwe ali m'nyumba za ana awo, ndipo ayenera kuzigwiritsa ntchito.